Tinangolowana: ndilembe chiyani pa fomu ya pemiti?

Funso: Ndine bambo wa ku Ntcheu, ndimakhala ku Turffontein muno mu Johannesburg. Ndakhala nyumba imodzi ndi mayi wa konkuno, nzika ya South Africa, kwa zaka 4 ndipo tili ndi mwana mmodzi. Sitinapite ku Home Affairs kapena ku tchalitchi, tinangolowana, koma aliyense amatidziwa ngati banja. Kumudzi ndinali ndi mkazi wa chinkhoswe, tinasiyana kalekale ndipo ndikumva kuti anakwatiwanso. Mayi ndili nawowa akufuna kuti ndipeze pemiti kudzera mwa iwo. Ejenti wina akuti pa fomu ndilembe “married” kuti ziyende msanga. Mnzanga akuti ndilembe “never married” chifukwa chinkhoswe chilibe pepala. Ndimvere uti?

Yankho: Bambo, onse awiriwo akukusocheretsani, ndipo amene akukuikani pangozi yaikulu ndi mnzanuyo, ngakhale mawu ake akumveka ngati anzeru. Bodza la “married” limagwidwa pomwepo, chifukwa adzakufunsani setifiketi ya ukwati ndipo inu mulibe. Ejenti akanena kuti setifiketiyo akupezerani, apo ndiye thawani. Koma bodza la “never married” limatha kudutsa lero, n'kudzakupezani patapita zaka zingapo, mutapeza kale ntchito, mwana ali pasukulu, mwina mukupempha zokhala nzika.

Choyamba dziwani kuti palibe chifukwa chonamira kuti munakwatirana. Lamulo loona za olowa ndi otuluka m'dziko lino, Immigration Act nambala 13 ya 2002, likamanena za “spouse” silitanthauza okhawo amene ali ndi setifiketi. Limawerengeranso anthu awiri amene ali pa ubale wokhazikika, okhala ngati banja koma osamangitsa ukwati. Ku maofesi amawatcha “life partner”. Munthu wotere amaloledwa kupempha viza yofanana ndi ya mwamuna kapena mkazi wa ukwati. Kusiyana kwake n'kwakuti wa ukwati amangotulutsa setifiketi, pamene inu muyenera kutsimikizira ubale wanu ndi umboni.

Pali kusokonezeka kumodzi komwe ife Amalawi timabwera nako kuchokera kwathu. Lamulo la ku Malawi la ukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limavomereza mitundu inayi ya ukwati: wa ku boma, wa mwambo, wa chipembedzo, ndi wa anthu amene akhalira limodzi mpaka kudziwika ngati banja. Wachinayiwu khoti ndilo limaugamula, ndipo limafuna kuti anthuwo akhale atatha zaka zosachepera 5. Kuno ku South Africa zoterezi kulibe. Mungakhale limodzi zaka 20, kubereka ana, kugula mipando, apongozi n'kumakutchulani mkamwini, koma pamaso pa lamulo simunakwatirane. Choncho kutchula mayi a m'nyumba mwanuwo kuti “akazi anga” ku tchalitchi kapena ku maliro n'kolondola ndithu, koma si yankho la bokosi la pa fomu.

Zimene Home Affairs, unduna woona za ziphaso ndi za olowa m'dziko lino, imafuna kwa anthu olowana zinalembedwa mu Regulation 3 ya malamulo amene anayamba kugwira ntchito pa 26 May 2014. Pamafunika pangano losainidwa ndi inu nonse awiri pamaso pa notary, lonena kuti ubale wanu wakhalapo kwa zaka zosachepera 2 musanapereke pempho, kuti udakalipo, kuti palibe munthu wachitatu, komanso kuti palibe mmodzi mwa inu amene ali pa ukwati kapena pa ubale wokhazikika ndi munthu wina. Pamafunika afidaviti, kalata yolumbira, ya pa Form 12, gawo A. Ngati wina anakhalapo pa banja kale, pamafunika mapepala a boma osonyeza kuti banjalo linatha kapena kuti mnzakeyo anamwalira. Ndiye pamafunikanso umboni woti mumathandizana pa ndalama ndi pa maudindo a pakhomo.

Pa notary pamalakwika kawirikawiri. Anthu amapita ku polisi, kulemba afidaviti yaulere, kudinditsa, n'kuganiza kuti atha. Wapolisi amalumbiritsa anthu, inde, koma si notary. Notary ndi loya amene khoti linamuvomereza padera kugwira ntchito imeneyi, ndipo amalipiritsa. Pepala la ku polisi silingalowe m'malo mwa pangano lake.

Tsopano werenganinso mawu amene mudzasainire kwa notary aja: palibe mmodzi mwa inu amene ali pa ukwati ndi munthu wina. Nkhani yanu yonse yagona pamenepa, osati pa bokosi la fomu.

Mnzanu akuti chinkhoswe chilibe pepala. Kusowa pepala sikuchotsa ukwati. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri atakumana, n'kugwirizana, inu n'kulowa m'nyumba, umenewo ndi ukwati weniweni mwa lamulo la Malawi, ndipo Malamulo Aakulu a dziko lathu, pa gawo 22, amautchula pamodzi ndi maukwati ena onse. Immigration Act nayo imati ukwati womangidwa motsatira malamulo a dziko lina ndi ukwati kunonso. Ndiye munthu amene anachita chinkhoswe sangalembe “never married” n'kukhala akunena zoona, kaya banjalo lilipo kaya linatha. Mawuwo akutanthauza kuti chibadwire simunakwatirepo.

Funso lenileni ndi lakuti, kodi banja la ku Ntcheu linatha motani? Mwalemba kuti munasiyana kalekale. Kusiyana kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina mwamuna amangokwera basi ya ku Joni, ndalama n'kusiya kutumiza, foni n'kusintha nambala, mkazi n'kutopa n'kupeza wina. Kwina ankhoswe amakhala pansi, nkhani n'kufika kwa amfumu, anthu n'kusudzulana poyera, aliyense n'kuuzidwa kuti ndi womasuka. Ngati chanu ndi choyambacho, banja lija silinathe, ndipo kukwatiwanso kwa mayi aja sikukumasulani inu. Ngati ndi chachiwiri, muli pabwinopo, koma Regulation 3 ikufuna mapepala a boma, ndipo ofesala wa ku Pretoria sadziwa ankhoswe anu. Pepala limene iye angalilemekeze mosavuta ndi chigamulo cha khoti. Ku Malawi milandu yothetsa maukwati a mwambo imaweruzidwa ku khoti la majisitireti, ndipo ngati mbali zonse zikuvomereza kuti banja linatha, si mlandu wovuta. Mayi aja nawonso pepalali liwathandiza, popeza banja lawo latsopano likhala lopanda chokayikitsa. Chimene chimachedwetsa nthawi zambiri ndi nkhani ya ana ndi katundu. Ngati munasiya ana kumudzi, yembekezani kuti khoti lifunsa za chithandizo chawo, ndipo likhala likuchita bwino kutero.

Ndikulangizani kuti pokapempha chigamulocho muonetsetse kuti mwalembedwa nthawi imene munasiyana, ndipo ankhoswe alembe makalata olumbira otsimikiza zimenezo. Chifukwa chake n'chakuti ofesala akaona chisudzulo cha mwezi watha, pamene inu mukunena kuti mwakhala ndi mayi a kuno zaka 4 popanda wina, akhoza kufunsa ngati zaka ziwiri zija zikuwerengedwa. Ndi bwino kuti mapepala ayankhiretu funsolo. Pepala lililonse lolembedwa m'Chichewa, monga kalata ya amfumu, liyenera kumasuliridwa ndi womasulira wolumbira, ndipo mapepala a ku khoti atsimikiziridwe ndi boma la Malawi musanawabweretse. Ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena konsuleti ya muno mu Johannesburg ingakuuzeni kumene chidindocho chimadindidwa.

Ndiye mulembe chiyani? Lero, banja la kumudzi lisanathetsedwe mwa dongosolo, yankho loona ndi lakuti muli pa ukwati koma munapatukana, ndipo ndi yankho limenelo pempho la “life partner” silingadutse. N'zowawa, koma ndi mmene zilili: musapereke fomu panopa. Chisudzulo chikatuluka, ngati fomu ili ndi bokosi la anthu a ubale wokhazikika, chongani limenelo, chifukwa ndilo maziko a pempho lanu, ndipo za banja lakale muzilembe pamene afunsa, n'kumatapo chigamulo cha khoti. Ngati fomu ilibe bokosi loterolo, lembani “divorced”, ndipo dzina la mayi a kunowa lilowe pamalo ofunsa za munthu amene mukupempha kudzera mwa iye. Kalata yachidule yofotokoza zonsezi m'ndime imodzi kapena ziwiri siwononga kanthu.

Kwa owerenga ena amene sanachitepo chinkhoswe kapena ukwati uliwonse, anangolowana basi: musaope kulemba “never married” pamene palibe bokosi lina loyenera. Ambiri amaganiza kuti akatero akukana mnzawo ndipo pempho ligwa. Ayi. Kusakwatira ndi kukhala pa ubale wokhazikika sizitsutsana, ndipo njira imeneyi anaikira anthu osakwatiranawo.

Musaiwale kuti pangano lija mukusaina awiri. Mbali ya mayiwa nayo ifufuzidwe, ndipo funsani mwaulemu koma mosabisa. Kuno lamulo la Recognition of Customary Marriages Act la 1998 limati ukwati wa mwambo ndi wovomerezeka ngakhale usanalembetsedwe ku Home Affairs, ndipo ndi khoti lokha limene lingauthetse. Ngati kale mwamuna wina anawaperekera lobola, mwambo n'kuchitika, kenako n'kungosiyana, iwonso ali pa vuto ngati lanu. Komanso apite ndi ID yawo ku Home Affairs akaone kuti kompyuta ikuti chiyani za iwo. Azimayi ambiri a kuno anadzidzimuka atapeza kuti analembedwa kuti ndi okwatiwa ndi mlendo amene sanamuonepo, chifukwa cha maukwati achinyengo ogulitsidwa ndi anthu akuba ma ID. Kukonza zimenezo kumatenga nthawi, ndiye ndi bwino kudziwa musanalipire notary.

Palinso mbali ina imene simunaitchule. Kodi inuyo munaperekapo kanthu kwa makolo a mayiwa? Ngati munangopereka inhlawulo, chindapusa cha mimba chija, si ukwati. Koma ngati akuluakulu anu anakakambirana za lobola, mbali ina n'kuperekedwa, mwambo n'kuchitika, ndiye kuti mwina munakwatirana kale osadziwa, ndipo nkhani yanu yasintha mtundu. Zikakhala choncho musachonge bokosi lililonse musanakhale pansi ndi loya.

Za umboni, ofesala safuna kudziwa ngati mumakondana. Akufuna kuona ngati moyo wanu ndi wolumikizana, ndipo chimene chimaonetsa zimenezo ndi ndalama ndi adiresi. Pangano la lendi lokhala ndi maina onse awiri ndi umboni wamphamvu. Ndikudziwa kuti ku Turffontein, ku Rosettenville kapena ku Mayfair ambiri amachita lendi chipinda cha kuseri popanda pepala lililonse, kulipira pamanja. Zikatero landilodi alembe afidaviti yonena kuti mwakhala pamenepo nonse kuyambira liti, amatepo kope ya ID yake. Masitetimenti a ku banki oonetsa ndalama zopita uku ndi uku, malisiti a fizi ya mwana, polise ya maliro imene wina analembapo mnzake, khadi la ku kiliniki, setifiketi ya kubadwa kwa mwana yokhala ndi dzina lanu ngati bambo: zonsezi zimayankhula. Chofunika n'chakuti zifalikire pa zaka zonsezo. Malisiti 30 a mwezi umodzi amaonetsa kuti munayamba kutolera mutaganiza za pemiti. Zithunzi ndi mauthenga a pa WhatsApp n'zongowonjezera, musadalire zimenezo.

Malamulo amalola kuti nonse awiri mufunsidwe mafunso, aliyense payekha, tsiku limodzi ndi nthawi imodzi. Apa ndi pamene nkhani yobisa imatulukira. Ngati inu mwalemba kuti simunakwatirepo, mayiwa n'kunena mosalakwa kuti muli ndi ana awiri ku Ntcheu kwa mkazi woyamba, pempho latha. Ndipo ngati mayiwa sadziwa n'komwe za chinkhoswe chija, auzeni inuyo asanamve kwa ofesala. Kumbukiraninso zimene munalemba kale. Fomu iliyonse imene munaperekapo, ya viza, ya asylum (yopempha chitetezo ngati wothawa kwawo), ya kubadwa kwa mwana, ili mu faelo. Ngati pena munalemba “married” pofuna kunena za mkazi wa kumudzi, lero n'kulemba “never married”, mwadzigwira nokha. Pamene panalembedwa molakwika kale, musabise: lembani afidaviti yofotokoza chimene chinachitika, muipereke pamodzi ndi pempho.

Chilango cha bodza si chaching'ono. Gawo 49 la Immigration Act limati kunena zabodza kapena kuchita chinyengo kuti ulowe kapena ukhale m'dziko muno ndi mlandu, ndipo munthu akhoza kulipitsidwa kapena kumangidwa mpaka zaka 8. Gawo 29 limati wopezeka ndi viza kapena pemiti yachinyengo ndi munthu woletsedwa kukhala muno. Kunena kuti “analemba ndi ejenti” sikupulumutsa, popeza siginecha ndi yanu. Mayiwa nawonso amakhala atalumbira zabodza. Inu mukhoza kupezeka ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amasungako anthu oti abwezedwe kwawo, kudikira basi, iwo n'kutsala ndi mlandu ndi mwana.

Viza yake ilipo ya mitundu iwiri, ndipo musankhe mukudziwa. Ya pa gawo 18, ya wachibale, imafika zaka 2 koma siloleza kugwira ntchito. Achibale ena amafunika kuonetsa R8 500 pa mwezi, koma mwamuna, mkazi kapena mwana wamng'ono wa nzika safunsidwa ndalamayi. Ya pa gawo 11(6) ndiyo imathandiza anthu ngati inu, chifukwa akhoza kukulembanimo chilolezo chogwira ntchito, kuchita bizinesi kapena kuphunzira, mukapereka kalata ya ntchito kapena mapepala a bizinesiyo. Simudutsa m'zovuta zonse za pemiti ya ntchito wamba. Pempho limaperekedwa ku kampani ya VFS, ku Rivonia, ndipo mumapita nokha kuti akatenge zidindo za zala. VFS imangolandira, wogamula ndi Home Affairs. Sungani lisiti yake ngati pasipoti, chifukwa yankho limachedwa. Mu 2024 mapempho odikira anapitirira 300 000.

Kale munthu wolowa ngati mlendo ankayenera kubwerera kwawo kukapereka pempho komweko. Pa 28 June 2019 Constitutional Court, khoti lalikulu la dziko lino, pa mlandu wa Nandutu, inagamula kuti mwamuna, mkazi kapena mwana wa nzika kapena wa munthu wa permanent residence (chilolezo chokhazikika muno) akhoza kusintha viza ali muno, ndipo mwa odandaula pa mlanduwo munalinso anthu osakwatirana, a ubale wokhazikika. Koma mwayi umenewu ndi wa munthu amene mapepala ake ali moyo. Pasipoti ya Malawi imapatsidwa masiku 30 pa boda. Mukapyola nthawiyo ndi masiku osaposa 30 amakuletsani kulowa chaka chimodzi, mukapyola kuposa pamenepo zaka 5. Simunanene kuti zaka 4 zimenezi mwakhala pa mapepala anji, ndiye ndinene poyera: ngati masiku anatha, kapena pasipoti yanu inkapita yokha ku boda ya Beitbridge ndi dalaivala wa basi kukadindidwa inu muli ku Turffontein, limenelo ndi vuto lina lofunika loya musanayandikire ku VFS. Zidindo zimayerekezedwa ndi zimene zili mu kompyuta ya pa boda.

Pemiti ikatuluka ntchito siinathe. Pakatha zaka 2 mumayenera kupereka gawo B la Form 12 lotsimikiza kuti mudakali limodzi, ndipo ubale ukatha mumayenera kudziwitsa Home Affairs, popeza vizayo imakhala moyo pokhapokha ubalewo ulipo. Ubale wanu ukakwanitsa zaka 5 mungapemphe permanent residence pa gawo 26(b), ndipo nayonso imafa ngati mwasiyana zisanathe zaka 2 chiiperekere, kupatula ngati mnzanuyo wamwalira. Apa ndi pamene faelo yonse imatsegulidwanso kuyambira tsamba loyamba. Kwa inu amene muli ndi mwana pali chitetezo china: mu December 2023, pa mlandu wa Rayment, khoti la Constitutional Court lija linagamula kuti kholo lachilendo limene likusamala mwana wake yemwe ndi nzika lisakakamizidwe kusiya ntchito ndi kutuluka m'dziko chifukwa choti banja latha. Tsindikani mawu oti likusamala.

Mwina mukufunsa ngati sikungakhale kwapafupi kungokamangitsa ukwati. Kwa ena n'kwapafupidi, chifukwa wa ukwati sadikira zaka 2 zija. Koma Home Affairs isanakwatitse mlendo imafuna kalata yochokera kwawo yotsimikiza kuti palibe chomuletsa kukwatira, imafunsanso mafunso, ndipo ukwati wa ku boma sungamangidwe ukwati wina uli moyo. Mwabwereranso ku Ntcheu komwe kuja. Dziwaninso kuti kuno mukakwatirana popanda pangano la katundu lolembedwa kwa notary ukwati usanachitike, katundu ndi ngongole zonse zimakhala za nonse awiri. Limenelo ndi ganizo lofunika kuliganizira palokha, osati chifukwa cha pemiti. Ineyo sindilimbikitsa munthu kukwatira pofuna kuthamangitsa pepala, pamene lamulo linamutsegulira kale njira ina.

Ngati ndalama ya loya palibe, a Lawyers for Human Rights ali ndi ofesi ku Braamfontein, ndipo Wits Law Clinic imathandizanso anthu osowa. Pitani ndi pasipoti, mapepala onse akale ngakhale amene mukuchita nawo manyazi, ndi setifiketi ya mwana. Pempho likadzakanidwa, kalata yokanayo imalemba chifukwa, ndipo muli ndi masiku 10 ogwira ntchito kuti muchite apilo, kuwerengera kuyambira tsiku limene mwailandira. Masikuwo akadutsa mumayambiranso pachiyambi ndi kulipiranso.